Fungo la M'kamwa: Werengani Kumbuyo kwa Chubu

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

 Kaya muli pakhonde kudikira nsima, kaya muli m'minibasi mukuweruka, senderani pafupi. Nkhani ya lero ndi ija anthu amanong'onezana mwiniwake atapotoloka. Tikukamba za kununkha m'kamwa, ndi zimene mankhwala otsukira mano, aja ambirife timangowatcha Colgate ngakhale akhale a kampani ina, angachite pa vutoli.

Ndiyambe ndi munthu amene sindimuiwala. Ndili kupulayimale tinali ndi aphunzitsi ena a masamu, bambo odziwa ntchito yawo, aukhondo, shati yosita bwino tsiku lililonse. Koma akawerama padesiki kuti akuonetse pamene samu yakupita, ana ankatembenuzira nkhope kukhoma. Iwo ankadziwa kuti china chake chilipo, chifukwa m'thumba la shati simunkasowa maswiti. Tsiku lina nthawi yopuma ndinawaona atakhala pansi pa mtengo akudya nzimbe. Zimene ankalavula zinali zofiira ndi magazi. Panthawiyo ndinalibe nazo nzeru. Lero ndikudziwa kuti bambo aja ankadwala chiseyeye, matenda ochizika, ndipo maswiti aja ankangowonjezera moto. Anaphunzitsa ana ambirimbiri, koma panalibe ndi mmodzi yemwe, wamkulu kapena mwana, amene anawakokera pambali n'kuwauza.

Ambiri tikamva fungo timathamangira kunena kuti munthuyo ali ndi vuto m'mimba. Ena amafika pomwa mankhwala otsuka m'mimba, ena amaganiza zoti awalodza. Komatu njira ya chakudya imakhala yotseka, imatseguka pomeza ndi pogeya basi. Madokotala a mano amapeza kuti mwa anthu khumi onunkha m'kamwa, asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi vuto lawo lili m'kamwa momwemo, ndipo malo aakulu ndi awiri: kumsana kwa lilime chakummero, ndi m'mphepete mwa usinini pamene dzino latulukira.

Mukafika pagalasi, tulutsani lilime mulione bwinobwino. Si losalala ngati mbale. Lili ngati thaulo, lili ndi timabowo ndi timing'alu. Kutsogolo limadzitsuka lokha chifukwa limakhudza mano ndi chakudya tsiku lonse, koma kumbuyo kuja kulibe chochikhula. Kumeneko mudzaona utoto woyera kapena wachikasu. Mu utoto umenewu mumakhala tizilombo ta mabakiteriya tosakonda mpweya wabwino, n'chifukwa chake timabisala m'ming'alu. Chakudya chake ndi zotsalira za nyama, usipa, mazira ndi mkaka, timakungu takufa ta m'kamwa, mamina otsikira kukhosi munthu akakhala ndi chimfine, ndiponso magazi ochokera mu usinini wodwala. Tikamadya zimenezi timatulutsa mpweya wokhala ndi sulphur, ndipo mpweya umenewu ndiwo mnzathu amaumva tikamalankhula.

Amene anatsimikizira zimenezi ndi katswiri wina dzina lake Joseph Tonzetich wa ku University of British Columbia mumzinda wa Vancouver ku Canada. M'chaka cha 1971 iye anafalitsa zimene anapeza atayeza ndi makina mpweya wa m'kamwa mwa anthu. Mitundu iwiri ikuluikulu ya mpweya wonunkhawo ndi iyi. Woyamba ndi hydrogen sulphide, umene fungo lake aliyense amene anaswapo dzira losukusa akulidziwa. Wachiwiri ndi methyl mercaptan, wonunkha ngati kabichi wowolera pamsika nyengo ya dzinja, ndipo umenewu umachuluka mwa anthu odwala chiseyeye. Sungani mawu amodzi okha: sulphur. Tibwererako, chifukwa apa ndi pamene mankhwala otsukira mano amasiyanirana.

Mulungu anatipatsa chotsukira chathuchathu, malovu. Malovu amakokolola zotsalira, amabweretsa mpweya wabwino, amasungunula fungo. Usiku tikagona malovu amachepa kwambiri, n'chifukwa chake m'mawa aliyense, mfumu kapena mlimi, amadzuka ndi kafungo. Chimenecho si matenda, chimatha mukatsuka ndi kudya. Chimodzimodzi pamene tikusala kudya, kaya ndi pa Ramadan kaya pa Lenti, kapena tikagwira ntchito yolankhula tsiku lonse osamwa madzi, monga aphunzitsi, abusa ndi makondakitala. Fodya ndi mowa nazonso zimaumitsa m'kamwa, komanso pali mankhwala ena a kuchipatala amene amachepetsa malovu.

Chovuta n'chakuti mwiniwake samva. Mayi wogulitsa utaka pamsika pofika masana samvanso fungo la nsomba, mphuno yazolowera. Kuuzira mpweya m'manja n'kununkhiza sikuthandiza kwenikweni. Chitani chonchi. Tengani supuni yoyera, muitembenuze chadodolido, mupale nayo pang'onopang'ono kumbuyo kwa lilime, kutali ndithu koma osadzipweteka. Onani zimene zatsalira pasupunipo. Dikirani kamphindi kuti ziume, kenako nunkhizani. Zimene mwamvazo ndi zimene mkazi wanu, mwamuna wanu kapena kasitomala wanu amamva.

(Nyimbo pang'ono)

Mwatipeza omvera, tikukamba za fungo la m'kamwa. Tsopano ngati muli kunyumba, tumani mwana akutengereni chubu cha mankhwala otsukira mano, kapena katoni yake ngati simunataye. Kutsogolo kuli zithunzi za mano oyera ndi masamba obiriwira. Kusiyeni kumeneko. Tembenuzani kumbuyo, pali timalemba ting'onoting'ono tosonyeza zimene zili m'katimo.

Choyamba chimene chimatikopa ndi kuzizira kuja kwa mint. Mukatsuka, m'kamwa mumamveka ngati mwalowa mphepo ya ku Dedza, n'kumaganiza kuti ntchito yatha. Mint ndi chophimba chabe. Ali ngati kuthira perefyumu pa malaya a thukuta. Pakangopita nthawi yochepa kuzizira kumatha, tizilombo tili pomwepo, fungo labwerera. Amalonda anazindikira kalekale kuti manyazi a fungo amagulitsa katundu. M'zaka za m'ma 1920 ku America, kampani yopanga Listerine inatenga mawu achipatala amene anthu wamba sankawadziwa, oti halitosis, n'kuwadzaza m'manyuzipepala pamodzi ndi zithunzi za atsikana osowa owakwatira. Malonda anakwera koopsa. Mpaka lero otsatsa malonda amagwira pamantha omwewo, n'chifukwa chake ine ndikuti khulupirirani timalemba takumbuyo kuposa chithunzi chakutsogolo.

Thovu nalonso limatinamiza. Limachokera ku sopo wofewa wolembedwa kuti sodium lauryl sulphate. Amathandiza kumwaza mankhwala m'kamwa monse ndi kumasula litsiro, koma kuchuluka kwa thovu si umboni woti mwayera. Anthu ena amene amatuluka tizilonda m'kamwa pafupipafupi amapeza bwino akasintha n'kugula mankhwala opanda sopo ameneyu. Mudzaonanso mawu oti hydrated silica kapena calcium carbonate. Umenewu ndi ufa wosalala kwambiri wokwechera utoto pamano popanda kuwakanda.

Kenako fluoride. Ameneyu ntchito yake yaikulu ndi kulimbitsa mano kuti asabooke. Mwina mufunsa kuti zikugwirizana bwanji ndi fungo. Dzino lobooka ndi dzala. Mumagwera nyama ndi nsima, mswachi sufikamo, zimaolera momwemo. Kuteteza dzino n'kutseka dzalalo lisanakumbidwe. Funani nambala yotsatiridwa ndi zilembo zoti ppm. Kwa munthu wamkulu ikhale pakati pa 1000 ndi 1500, ndipo machubu ambiri amalembedwa 1450. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri m'chaka cha 2021. Choncho chubu chimenechi si chinthu cha anthu apamwamba ayi, chili m'gulu limodzi ndi mankhwala amene mtundu wa anthu suyenera kusowa.

Tsopano tafika pamtima pa nkhani. Ngati vuto lanu ndi fungo, mawu amene muwafunefune ndi zinc. Ndiwatchule zilembo: z, i, n, c. Pachubu angalembedwe kuti zinc citrate, zinc oxide, zinc lactate kapena zinc chloride. Amayi mukumudziwa kale zinc, ndi uja amaperekedwa pamodzi ndi Thanzi ORS mwana akatsegula m'mimba. Abambo mukumudziwanso, ndi amene amakutira malata ofolerera nyumba kuti asachite dzimbiri. Muja ndinati musunge mawu oti sulphur. Zinc akakumana ndi sulphur amagwirana naye zolimba n'kusanduka kanthu kosauluka. Chosauluka sichifika pamphuno ya mnzanu. Kusiyana kwake ndi mint n'kumeneku: mint amabisa fungo, zinc amalimanga miyendo. Kuwonjezera apo zinc amafooketsa tizilombo tija kuti tisapange mpweya wambiri, ndipo amakanirira m'kamwa kwa maola angapo mutatsuka.

Mnzake wa zinc pantchitoyi ndi stannous fluoride. Ameneyu ndi fluoride wophatikizidwa ndi tin, chitsulo chija amakutira zitini za chakudya. Amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: amalimbitsa mano ngati fluoride wina aliyense, komanso tin uja amalimbana ndi tizilombo, amachepetsa kutupa kwa usinini, ndipo amagwira sulphur ngati mmene zinc amachitira. Si wachilendo. Asayansi a ku Indiana University ndiwo anamuyesa, ndipo anayamba kugulitsidwa ku America m'mankhwala a Crest chapakati pa zaka za m'ma 1950. Vuto lake kwa anthu ena n'lakuti amatha kusiya timadontho takuda pamano, timene achipatala amachotsa mosavuta. Kale makampani ena ankaikanso mankhwala opha tizilombo otchedwa triclosan, koma anthu atayamba kudera nkhawa za chitetezo chake ambiri anawasiya, ndipo Colgate Total inawachotsa mu 2019. Mukapeza chubu chakale cholembedwa triclosan, onani kaye deti yake.

Palinso soda, yemweyu timathira m'therere ndi m'nkhwani, amene pachubu amalembedwa sodium bicarbonate. Amachepetsa asidi m'kamwa, amakwecha mofewa, ndipo amathandizako pafungo. Koma soda wa kukhitchini payekha alibe fluoride, choncho sangalowe m'malo mwa chubu.

Ndikudziwa kuti wina akumvera ali kumudzi, okala yapafupi ili ndi mtundu umodzi wokha wa mankhwala, ndipo ndalama ya mchere ndi sopo ikuvuta kale. Musataye mtima, amayi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo pankhani iyi chala chachikulu si chubu, ndi mswachi ndi dzanja lanu. Munthu wokhala ndi mankhwala wamba a fluoride amene amatsuka bwino mano ndi lilime amaposa kutali munthu wogula chubu chodula n'kumangopaka kutsogolo kwa mano mothamanga. Ngakhale chubu chitatha pakati pa mwezi, musaleke kutsuka, mswachi ndi madzi okha zimachotsa utoto wambiri. Mswachi wa mtengo, umene makolo athu ankatafuna mpaka nsonga itafewa, ndiponso miswak imene abale athu Achisilamu amagwiritsa ntchito, imatsuka ndithu ikagwiridwa mwaluso. Chimene ndikuletsa ndi mchenga, makala osinja ndi phulusa. Lero mano amaoneka oyera, koma zimapala chikuto cholimba cha dzino, ndipo chikutocho chikatha sichimeranso. Zimakandanso usinini n'kutulutsa magazi, chakudya chenicheni cha tizilombo tija.

Katsukidwe kake nkotere. Kawiri patsiku, ndipo mwa kawiriko kofunika kwambiri ndi kausiku musanagone, chifukwa malovu akupita kukapuma ndipo m'kamwa mutsala opanda mlonda. Ambirife timatsuka m'mawa mokha, pofuna kuonekera kwa anthu, n'kugona ndi ndiwo zamadzulo m'mano. Mphindi ziwiri zathunthu. Pendeketsani mswachi kuti ubweya wake ulowe pamene dzino lakumana ndi usinini, muziyendetsa pang'onopang'ono, osati ngati mukukwecha mphika. Mukamaliza mano, tulutsani lilime, muike mswachi kumbuyo momwe mungathere, mukokere kutsogolo kanayi kapena kasanu, mukutsuka mswachiwo pamadzi. Masiku oyamba mudzamva ngati mukufuna kusanza. Tulutsani mpweya pamene mukukoka, pakatha sabata thupi lizolowera. Pakati pa mano napo pamafuna ulusi wake wa floss. Mukaugwiritsa ntchito koyamba, ununkhizeni, mudzadziwa pamene fungo limabisala.

Ndipo imvani ichi, chifukwa pafupifupi tonse timalakwitsa. Mukatha kutsuka, lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi. Mukachukucha mwataya fluoride ndi zinc yemwe mwagula ndi ndalama zanu asanagwire ntchito. Zili ngati kuthira feteleza m'munda n'kupatutsiramo madzi a mumsewu. Mswachi musinthe pakatha miyezi itatu, kapena ubweya ukangoyamba kuyang'ana kumbali, ndipo aliyense akhale ndi wake. Kwa ana osakwana zaka zitatu pakani mankhwala ochepa ngati kanjere ka mpunga, a zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi ngati nsawawa imodzi, ndipo muziwayang'anira kuti asameze.

Za mankhwala amadzi ochukuchira ndinene mwachidule. Amene ali ndi zinc kapena cetylpyridinium chloride amathandiza. Chlorhexidine ndi wamphamvu kwambiri, koma amadetsa mano ndi lilime ndipo amasokoneza kakomedwe ka chakudya, choncho ndi wa masiku owerengeka mwauzidwa ndi achipatala. Maswiti a shuga ndiwo ayi, amadyetsa tizilombo. Ngati mukufuna chotafuna, chingamu chopanda shuga chimakoka malovu. Ndipo madzi akumwa pafupipafupi ndi mankhwala aulere.

(Nyimbo pang'ono)

Tibwerere kwa aphunzitsi anga aja ndi nzimbe zawo zofiira. Pali fungo limene chubu chilichonse, chikhale ndi zinc wochuluka bwanji, sichingathe. Utoto ukakhalitsa m'mphepete mwa mano umauma n'kukhala ngati mwala, ndipo mswachi sungauchotse. Usinini umatupa, umatuluka magazi, kenako umayamba kulekana ndi dzino n'kupanga timatumba momwe tizilombo timaswana mosasokonezedwa. Zikapitirira, fupa logwira dzino limadyeka, dzino limagwedera n'kuguluka lili labwinobwino. Ambiri akaona magazi amasiya kutsuka pamalopo poopa kudzipweteka, pamene malo otuluka magaziwo ndi amene akufuna kutsukidwa mofatsa tsiku lililonse. Mwalawo ndi wochotsa achipatala ndi zipangizo zawo, ndipo anthu ambiri akangochotsedwa fungo limatsika.

Timaganiza kuti kuchipatala cha mano n'kozulitsa dzino basi. Kulinso kutsuka ndi kumata. Zipatala zazikulu za Kamuzu Central ku Lilongwe, Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba ndi Mzuzu zili ndi nthambi za mano, ndipo m'zipatala za m'maboma muli akatswiri a mano amene ambiri anaphunzira ku Malawi College of Health Sciences. Kwa zaka zambiri munthu wofuna digiri ya udokotala wa mano ankayenera kupita kunja, koma mu 2019 maphunzirowa anayamba konkuno pasukulu imene lero ndi Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya umoyo wa m'kamwa. Ogwira ntchito akadali ochepa, mzere umatalika, koma kupita msanga kumapulumutsa dzino.

Palinso mafungo ochepa ochokera kwina. Adyo ndi anyezi waziwisi amalowa m'magazi n'kutulukira m'mapapo, choncho mutsuke bwanji, muyenera kudikira kuti athe okha. Kukhosi, m'tinthu tiwiri tija achipatala amati tonsils, mumatha kuundana timibulu toyera tonunkha kwambiri. Chimfine chosatha chokhala ndi mafinya chimanunkhitsanso. Munthu wa matenda a shuga mpweya wake ukayamba kumveka ngati zipatso zopsa kwambiri, akumva ludzu losatha, akusanza kapena kufooka, musafunefune mswachi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Matenda a impso ndi a chiwindi akakula nawonso amasintha fungo la mpweya. Ndipo inu amayi, mwana wamng'ono akayamba kununkha mwadzidzidzi, mamina onunkha akutuluka mphuno imodzi yokha, ganizirani za njere ya chimanga, nyemba kapena kapepala kamene anadzilowetsa posewera. Musatokose ndi kamtengo, mungakankhire m'kati. Achipatala amachotsa.

Chatsala ndi chija chinatikanika ife ndi aphunzitsi athu: kumuuza munthu. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Koma kutsina khutu si kuchititsa manyazi pagulu, kapena kumuponyera mawu pokangana. Ngati ndi amuna anu, sankhani nthawi muli awiri, mtima uli pansi, munene kuti, bambo a ana, ndaona magazi pamswachi wanu, tiyeni tikaonetse kuchipatala. Ngati ndi mnzanu wa kuntchito, mukokereni panja, muyambe ndi kumuuza kuti inunso mungafune kuuzidwa. Ndipo inu amene mwauzidwa, musakwiye. Munthu ameneyo wasenza manyazi kuti akuchotsereni anu. Pali maukwati amene azizira, pali achinyamata amene asiya kukweza dzanja m'kalasi, chifukwa cha chinthu chimene mswachi, chubu choyenera ndi ulendo umodzi wa kuchipatala zikanathetsa.

Usiku uno musanagone, tengani supuni muyese lilime lanu. Werengani kumbuyo kwa chubu, muone nambala ya fluoride, ndipo chikadzatha mufunse m'golosale kapena kufamase chokhala ndi zinc kapena stannous fluoride. Tsukani mano ndi lilime kawiri patsiku, lavulani osachukucha, kwa masabata awiri osadumphitsa. Masabata awiriwo akatha fungo lidakalipo, kapena usinini ukutulukabe magazi, tengani buku lanu la kuchipatala mupite kukaonana ndi a mano pachipatala cha boma lanu.

  

(Nyimbo yotsekera)